Owonera Khumi ndi Anayi

Ndinalumbira tsiku lotsekera sukulu,
inki ikadali m'zikhadabo:
Disembala yense, tsiku lililonse kanema mmodzi.
Sauda anaseka mpaka kugwira nthiti.
"Ndi foni yosweka nkhope imeneyo?"

Yoswekadi.
Mng'alu wake umandidula pamphuno
ngati Shire pa mapu a m'kalasi.
Ndimayitsamiritsa ku botolo la mafuta ophikira,
n'kubwerera m'mbuyo mapazi atatu:
"Moni nonse, ndine Asiyatu wa kwa M'baluku,"
kasanu, kasanu n'kawiri,
mpaka tambala wa aneba atatopa kundilanda mawu.

Tsiku lachitatu ndinajambula akabaza pamlatho,
thukuta likung'anima m'makosi.
Lachisanu ndinazungulira nsanja ya wotchi
ndikulankhula ngati wa pa wailesi.
Owonera: khumi ndi anayi.
Kanayi ndinali ine ndemwe.

Kenako mvula inagwa, ngumbi zinatuluka,
kamlongo kanga Jafali, chitini m'manja,
kanaterereka, phwa! m'matope.
Owonera: mazana asanu ndi atatu.
Dziko limakonda wogwa.

Bandulo imadya ngati mbuzi yomasuka m'munda.
Ndinathyola mango a kuseri, milumilu pamsewu,
kuti ndigule mphepo yotumizira nkhope yanga.
Magetsi akathima ndimakatchajitsa kwa a Kassimu ometa,
iwo ali ndi sola
komanso mafunso:
"Kodi zimenezi zimalipira?"

Amayi akaona ndatukula foni
amakokera mpango kumaso.
"Usandigulitse kudziko, mwana iwe."
N'chifukwa chake m'makanema anga amayi ndi manja okha,
manja otembenuza mandasi,
manja owerenga tchenji.

Tsiku la khumi n'chisanu n'chinayi
inafika basi ya ku Joni,
ngolo yake itasenza matilesi, mafiriji,
njinga zokutidwa m'mapepala.
Ndinavala hijabu yanga yobiriwira.
"Lero tikulandira bambo anga!"
Anatsika bambo a Sauda, mimba patsogolo.
Anatsika mnyamata wa magalasi akuda, mayi wa mwana kumsana,
wina, wina, winanso.
Batire: naini. Folo. Thuu.
Kondakitala anamenya chitseko.
Ine ndinamwetulirabe,
poti diso la foni linali lisanatseke.

Ameneyo sindinamutumize.
Mwezi wanga uli ndi mpata pamenepo
ngati dzino lozuka,
lilime silisiya kupitako.

Usiku, uthenga wa mawu, mphepo ikuwomba kuseri kwake:
"Mapepala sanatheke, mwanangu.
Koma ndimawonera onse, pageti pano, abwana akagona.
Wa Jafali ndinaseka mpaka galu anauwa.
Kungoti umalankhula kwambiri.
Mawa ungoyenda.
Undionetse chitseko, mpapaya uja,
ndi pamene pankadontha paja."

M'mawa sindinapereke moni kwa aliyense.
Ndinangoyenda.
Chitseko, ndi msomali wake wopindika.
Mpapaya, umene tsopano ukusuzumira padenga.
Beseni la pakona, likuwerenga madontho, tho, tho.
Nsapato zawo za ku mzikiti pansi pa bedi,
fumbi litazikonda.

Pakhonde ndinapeza amayi akusefa ufa wa mandasi.
Dzanja linapita ku mpango monga mwa masiku onse,
linaima m'njira.
"Akuona?"
"Adzaona usiku."
Anapukuta ufa patsaya,
anakhala bwino,
n'kuyang'ana mumng'alu muja nthawi yaitali
osanena kanthu.
Mandasi oyamba anapserera.

Sauda akuti ameneyu ndiye wogonetsa tulo kuposa onse,
wopanda nyimbo, wopanda wogwa.
Owonera: asanu ndi mmodzi pamene ndinkagona.
Podzuka anali makumi awiri ndi atatu,
ndipo ine sindinamutsegule ngakhale kamodzi.

Kwatsala masiku khumi ndi limodzi.
Mango akutha mumtengo.
Jafali akufunsa ngati angagwenso.